Kodi Tiombera M'manja Yani?

Ine ndine kalaliki m'ofesi ina ya Boma kuno ku Cigawo ca Kum'mawa, ndipo nchito yanga ndiyo kulemba zimene akulu andiuza, kudinda makalata ndi kusunga mafaelo. Munthu wa nchito yotere salankhula kawirikawiri pa bwalo. Koma pali kanthu kamene kandikhala pa mtima, ndipo ndaganiza kuti ndikaulule kwa inu anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza sukulu, pakuti mlandu uwu ngwanu koposa wanga.

Tsiku lina m'nyengo ya masika ndinapatsidwa nchito yolemba maina a ana oyenera kulandira mphotho pa tsiku lalikulu la sukulu zonse za m'boma lathu. Lamulo linali lakuti ndilembe ana amene anaposa anzao pa mayeso a Giredi 12, kuyambira iwo a mapointi 6, ndiwo muyeso wopambana yonse, kufikira malo atatha pa pepala. Ndiri m'kati molemba, munalowa mphunzitsi wina wacikulire, fumbi liri mbuu m'miyendo, atacokera pa njinga ku sukulu ina ya kumalire a boma. Anaturutsa kapepala m'thumba la malaya nati, "Akalaliki, ndadza ndi dzina la mwana wathu. Anacoka pa sukulu ali ndi pakati, anacira, nabwerera, ndipo tsopano watenga satifiketi yathunthu. Pa sukulu pathu palibe mtsikana amene anatero ndi kale lonse." Ndinayang'ana mapointi ake, ndipo anali kutali ndi a iwo amene ndinali nditalemba. Ndinati, "Pepani aphunzitsi, pa pepala langa palibe malo a mwana wotere." Mkuluyo anapinda kapepala kake, nayamika mwaulemu, nakwera njinga yake kubwerera.

Tsiku la mwambo litafika, mahema anamangidwa, akuluakulu anakhala pa mipando, ng'oma zinalira, ndipo ana amene anaitanidwa kutsogolo, pafupifupi onse, anacokera ku sukulu zowerengeka zogonera komweko. Ndinaomba nao m'manja, koma m'maso mwanga munali njinga ija. Kuyambira tsikulo ndakhala ndikufunsa funso limodzi: kodi mphotho ya boma lonse iyenera kuyesa ciani?

Wina asaganize kuti ndicita nsanje ndi ana a mapointi 6. Iai, ana amenewo anagona mocedwa nadzuka m'mamawa, ndipo ulemu wao ngwoyenera. Sukulu zochuka za cigawo cathu, monga Chizongwe ndi St. Monica's ku Chipata, kapena Chassa ku Sinda, zinalera anthu ambiri amene atumikira dziko lino, ndipo ndiribe mau oipa pa izo. Ine ndemwe ndinaphunzira pa sukulu ya misyoni yogonera komweko, kumene belu linatidzutsa, nsima inatipeza pa nthawi yake, ndi nyali inayaka usiku kuti tiwerenge. Cifukwa ca ici ndidziwa bwino cimene ndinena. Sukulu zotere zilandira ana amene anasankhidwa kale cifukwa ca kukhoza kwao pa mayeso am'mbuyo. Zitenga mbeu yosankhika ndi kuibzala m'dimba la cinyontho. Kodi ncodabwitsa ngati dimba libala koposa munda wa pa mcenga? Mlimi wanzeru, poyamika anchito ake, afunsa poyamba kuti yense analima pa nthaka yotani. Koma ife tiwerenga madengu okha, ndi kupatsa mphotho yense amene dengu lake ladzala. Muyeso wotere ngwokhota, ndipo usiya kunja ana ocuruka a boma lathu.

Mwambo uwu uli ndi kumene unacokera. M'masiku a atsamunda malo a sekondale anali ocepa koopsa. Sukulu ya Munali ku Lusaka inayamba kuphunzitsa za sekondale m'caka ca 1939, ndipo mnyamata wokafika kumeneko anali ngati wowina dziko. Pamene tinalandira ufulu mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu akuda pafupifupi 100 otsiriza yunivesite, ndi ena ngati 1,200 okhala ndi satifiketi ya sekondale. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312. M'nyengo yotero sukulu inali ngati sefa: nchito yake inali kupatula owerengeka oti akagwire maofesi, ndi kubweza otsala kumudzi. Sitidabwa kuti makolo athu anaphunzira kuombera m'manja amene apyola pa sefa, ndi kuiwala madeya.

Koma masiku amenewo anapita. Mu 2002 Boma linacotsa malipiro a sukulu kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 7, ndipo mu Januwale 2022 linawacotsa kufikira Giredi 12. Caka comweco linalemba nchito aphunzitsi 30,496. Ana amene anakhala pa khomo cifukwa cosowa ndalama anabwerera, nadzaza makalasi, kotero kuti m'malo ambiri mabenci anaperewera. Dziko linati sukulu nja mwana ali yense. Nanga bwanji tsiku la mphotho likali kucita monga sukulu nja anthu owerengeka? Tinatsegula citseko, koma kuyamika kwathu kukali kwa 1939.

Tiyeni tichule ena a iwo amene pepala langa linalibe malo ao. Woyamba ndiye mtsikana uja. Kuyambira mu 1997 lamulo la Unduna wa Maphunziro lilola mtsikana amene anatenga pakati kubwerera ku sukulu atacira, ndipo mu 2023 Nyumba ya Malamulo inaletsa ukwati uli wonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale ukwati wa mwambo. Koma lamulo liri pa pepala; amene aliyendetsa ndi miyendo yake ndiye mtsikana amene alowanso m'kalasi momwe anzake amseka, nasiya khanda kwa amai ake m'mawa, nawerenga usiku mwana ali pa msana. Atsikana ambiri a m'midzi yathu sabwerera, cifukwa sanaonepo wina amene anabwerera nalemekezedwa. Tikadamuimika mtsikana uja pamaso pa boma lonse, tsiku limenelo likadaphunzitsa makolo zimene makalata athu a mu ofesi alephera kuwaphunzitsa.

Waciwiri ndiye mwana wakhungu kapena wogontha. Kuno kwathu tiyenera kucita manyazi pa nkhani iyi koposa zigawo zina, pakuti pa Magwero pafupi ndi Chipata, pamene a misyoni ya Dutch Reformed anamanga mu 1899, sukulu ya akhungu inayamba mu 1905, ndi ya ogontha mu 1955. Zapita zaka zoposa 100 ana akuwerenga ndi zala m'cigawo cathu. Mwana amene alemba mayeso omwewo ndi anzake, osaona bolodi kapena osamva mau a mphunzitsi, wakwera phiri lalitali kuposa ife tonse. Kodi dzina lake silingachulidwe pa bwalo?

Wacitatu ndiye mwana wa luso la manja ndi la pakamwa. Kuyambira mu 1968 dziko lathu liri ndi bungwe la JETS, limene lisonkhanitsa ana a sukulu kuti aonetse zimene apanga okha za sayansi ndi za umisiri. Palinso mipikisano ya nyimbo, magule, ndakatulo ndi masewero, ndiponso minda ya sukulu imene idyetsa ana. Mnyamata wopanga mpope wotungira madzi ndi zitsulo zotayidwa waonetsa nzeru zimene mudzi wake udzadya. Boma la alimi a cimanga, mtedza, thonje ndi fodya lisowa anthu otere tsiku ndi tsiku, koma pa tsiku la mphotho tiwaitana kudzabvina gule wosangalatsa alendo, ndipo mphotho ikafika iwo abwerera pa udzu.

Ndidziwa cimene ena adzayankha. Adzati, "Mukapatsa mphotho yense, mphotho idzatha mphamvu, ndipo ana adzaleka kulimbika. Dziko lifuna madokotala, ndipo dokotala sasankhidwa ndi cifundo." Mau awa ali ndi coona cake, ndipo ine sindipempha kuti mayeso afewetsedwe, kapena kuti wolephera achedwe wopambana. Wa mapointi 6 alandire cake monga kale. Cimene ndipempha ncakuti pambali pa muyeso wa pamene mwana wafika pakhale muyeso wa kumene wacokera. Sukulu ya kumudzi imene kale ana ake sanali kutenga satifiketi, ndipo tsopano atenga angapo, yacita nchito yobvuta kuposa sukulu imene ingosunga mbiri yake. Kuyesa kotere sikucepetsa kulimbika, kukucurukitsa. Lero mwana wa kumalire adziwa kuti ngakhale alimbike cotani dzina lake silidzamveka, ndipo mphunzitsi wake adziwa comweco. Kodi si ici cimene cifooketsa anthu? Taonaninso kumene aphunzitsi apempha kusamukira. Ine ndiona makalata ao, ndipo ambiri afuna kudza pafupi ndi tauni. Zifukwa zao nzambiri, nyumba, madzi ndi cipatala, koma cimodzi ndico cakuti nchito ya kutali palibe amene aiona.

Pa tsiku lomwelo la mphotho akuluakulu amalankhula za mwai umene uli pamaso pa acinyamata, ndipo pano pali kukhota kwaciwiri. Mwai ulipodi. Mu 2022 thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, ndipo lakwerabe m'zaka zotsatira. Gawo lina la ndalamazi ndi lolipirira ana osauka ku sukulu za sekondale zogonera komweko, ndi lina ndi lolipirira acinyamata ofuna kuphunzira umisiri, monga ukalipentala, kumanga, kusoka ndi za magetsi. Mapempho apita kupyolera m'komiti ya citukuko ya wadi. Ndiponso amene anagwa pa phunziro limodzi kapena awiri angathe kulembanso pa mayeso a GCE a bungwe la Examinations Council of Zambia. Koma uthenga wa zonsezi ufika bwanji kumudzi? Kawirikawiri ife akalaliki tiulemba m'Cingelezi ndi kuukhoma pa bolodi la pa khonde la ofesi, kapena uikidwa pa intaneti. Auwerenga ndiwo okhala pafupi, amene ali ndi foni yabwino kapena mbale wogwira nchito pa Boma. Mwana wa kutali aumva tsiku lotseka litapita. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwai wosalengezedwa kwa onse usanduka cuma ca apafupi, ngakhale palibe amene waba kanthu.

Tsono ndipempha zinthu zinai, ndipo palibe cimodzi cofuna ndalama zambiri. Coyamba, sukulu iri yonse ya m'boma, yaing'ono kapena yaikulu, itumize dzina la mwana mmodzi amene aphunzitsi ake amcitira umboni, ndipo cifukwa cake ciwerengedwe pa bwalo. Caciwiri, pakhale mphotho ya sukulu imene yakwera koposa poyerekeza ndi zaka zake zam'mbuyo, ndi ya mphunzitsi amene anaikweza. Cacitatu, mwambowu usamacitikire pa Boma pokha; uzizungulira, caka cino kwa mfumu iyi, caka ca mawa kwa ina, kuti akuluakulu alaweko mseu umene ana ayenda. Cacinai, zidziwitso za mwai zilembedwe m'Cinyanja, ziwerengedwe pa wailesi, m'machalichi, m'misikiti ndi pa mabwalo a nyakwawa, nthawi ikalipo.

Ndipo kwa inu amene mwatsiriza sukulu ndinena mau awa. Ngati dzina lanu silinachulidwe, musadziyese madeya. Pepala limene linakusiyani linalembedwa ndi munthu wonga ine, potsata mizere imene anaipeza, ndipo mizereyo ingasinthidwe. Musayembekeze kuti uthenga udzakupezani pa khonde. Safunsa anadya phula. Pitani kwa kansala wa wadi yanu, funsani tsiku lotsegula mapempho, funsani mapepala ofunika, ndipo mukadziwa kauzeni anzanu a m'midzi yoyandikana. Inu mudziwa kuwerenga, ndipo m'mudzi mwanu muli makolo amene sadziwa. Maso ao ndinu. Pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi imirirani mwaulemu ndi kufunsa kuti sukulu yanu yatumiza dzina la yani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mng'ono wanu amene ali kumbuyo adzayenda njira imene inu mulambula.

Za ine mwini, ndinacita cimene kalaliki angathe. Ndinalemba kalata kwa akulu anga yopempha kuti pa pepala la maina awonjezepo mizere ina, ndipo ndinaikamo nkhani ya mphunzitsi uja. Kalata ya kalaliki mmodzi njopepuka, ndipo ingagone m'faelo zaka zambiri. Ndidziwa, pakuti mafaelo ndisunga ndine. Koma akalemba makolo, aphunzitsi, mafumu ndi inu amene munaphunzira pa sukulu zimenezo, faelo idzalemera kufikira wina adzaitsegula. Mphunzitsi uja akadzabweranso pa njinga yake ndi dzina lina m'thumba, sindifuna kudzamuuzanso kuti palibe malo.