Ana athu akusewera mpira mu utsi

Kuyambira Juni kufikira mvula itagwa, nthawi ya pakati pa Asr ndi Maghrib imalimbiranidwa m'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja. Ndiyo nthawi imene ana, akaweruka ku madrasa, amathamangira kubwalo la mpira. Ndiyonso nthawi imene ife akuluakulu timayatsa zinyalala kudzala, kusonkha moto wowambira nsomba ndi kutentha tchire. Kuchokera ku Mangochi mpaka ku Nkhotakota, mabwalo ambiri madzulo amakutidwa ndi utsi.

Ena amati utsi takula nawo. N'zoona, koma wokhala pakhonde ndi wothamangitsa mpira sapuma mofanana. Wothamanga amakoka mpweya wochuluka kangapo, ndipo amaukoka ndi kukamwa, kulambalala mphuno imene Allah anaiika kuti izisefa fumbi. Tizidutswa ta utsi tosaoneka ndi maso timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo, ndipo mapapo a mwana amakhala akukulabe. Mwana wa mphumu ndiye amayamba kubanika. Madzulo kukayamba kuzizira utsi sukwera kumwamba monga uchitira masana. Umayala pansi, pomwe pali anawo. Kudzalanso masiku ano sikukhala masamba okha. Kuli majumbo, mabotolo a pulasitiki ndi matewera, zimene utsi wake ndi woipa koposa. Bungwe la WHO limati mpweya woipa umapha anthu pafupifupi 7 miliyoni chaka chilichonse padziko lapansi.

Kuletsa ana kusewera sindiko kuthetsa vutoli. Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) ankapikisana liwiro ndi mayi Aisha, ndipo ankalimbikitsa kusambira ndi kuponya mivi. Thupi ndi amanah, chinthu chimene tasungitsidwa, ndipo limafuna kulimbitsidwa. Woyenera kusintha ndi woyatsa moto. Malamulo a Chisilamu amaletsa kudzetsa vuto kwa mnzako, ndipo timaphunzitsa kuti kuchotsa chopweteka panjira ndi sadaka. Nanga tingachotse minga panjira koma n'kumathira utsi m'zifuwa za ana a mnansi?

Makomiti a mizikiti ndi mafumu agwirizane kuti pafupi ndi bwalo pasayatsidwe moto ana akamasewera. Masamba akwiriridwe asanduke manyowa. Mphunzitsi wa masewera aziyamba waona kumene mphepo ikuchokera. Utsi ukalunjika pabwalo, asamutse ana kapena adikire, ndipo mwana wotsokomola kapena wolira m'chifuwa apume kaye. Kumchenga, kumene masana mphepo imachokera panyanja, n'kwabwino, bola kutali ndi mauvuni a nsomba.

Anyamata othamanga m'mbali mwa msewu wa M5 nawonso amve. Utsi wa malole ndi maminibasi umachuluka pamsewu pomwepo, n'kumachepa munthu akamatalikira. Njira za kuminda zilipo, ndipo sizilipiritsa.