NCHITO ZA MANJA: Mpeni Woyamba wa Wophunzira Kusula

Mpunga ukayamba kuweramitsa ngala m'madambo a kwa Mfumu Chikwa, m'boma la Chama, nyumba iriyonse imafunafuna mpeni ndi cikwakwa. Nthawi imeneyo ndiyo imaonetsa ngati mudzi uli ndi wosula kapena ulibe. Kumene kuli cipala, mpeni wothyoka umakonzedwa m'mawa ndipo dzuwa likamapendeka uli kale kumunda. Kumene kulibe, mwini wake amayembekezera munthu wopita ku Chama kapena ku Lundazi, ulendo wosati wa tsiku limodzi misewu ikakhala yokumbika ndi mvula. Mbalame ndi njovu siziyembekezera nawo.

Osula ambiri m'cigwa ca Luangwa ndi acikulire, ndipo anyamata ofuna kukhala pa mvukuto ndi ocepa. Ici ndi cinthu codandaulitsa, pakuti luso limeneli si lacilendo kuno. Antonio Gamitto, Mpwitikizi amene anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, analemba za anthu amene anali kusungunula citsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu awo. Kum'mawa kwa Chama, ku Nkhamanga m'dziko la Malawi, mbiri ya Atumbuka imasimba kuti Mlowoka, kholo la mafumu a Chikulamayembe, anakopa anthu powapatsa makasu ndi nsalu. Khasu linali cuma. Wosula wa lero sakumbanso mtapo, cifukwa citsulo cabwino ciri m'zidutswa za galimoto zakufa, koma moto ndi nyundo ndi zomwezo.

Wophunzira ayambe ndi kusankha citsulo, cifukwa ambiri amalephera pomwepa asanakoleze ndi moto womwe. Citsulo cimene cimasunga ukali ndi cokhala ndi kaboni wokwanira, ndiye cinthu comwe cija cimapanga makala. Msomali, waya wa mpanda ndi lata ziri ndi kaboni wocepa. Munthu angazisule bwino cotani, mpeni wake umafumpha usanamalize kutumbula nsomba ziwiri. Sipuling'i ya galimoto, tupa yakutha ndi cimbale ca pulawo ya thirakita ndizo zoyenera. Pokayika, adule kacidutswa, akaoche mpaka kafiire, akaviike m'madzi, akakutire m'cisanza ndi kukamenya ndi nyundo. Kakathyoka ngati mbale yadothi, citsuloco ncabwino. Kakangopindika, cisungidwe kuti cidzakhale mbedza kapena mahinjesi a citseko. Sipuling'i yakale iyang'anidwe bwino, pakuti zina zimakhala ndi ming'alu yobisika pansi pa dzimbiri.

Pali citsulo cimodzi cimene sicifunika pa moto nkomwe: mipope ya madzi, malata ndi waya zonyezimira motuwa. Zimenezi zinakutidwa ndi zinki, ndipo utsi wake woyera umadwalitsa munthu, nayamba kunjenjemera usiku ngati wagwidwa malungo.

Cipala ca woyamba sicifuna ndalama zambiri. Kadzenje kosaya, komatidwa ndi dothi la paculu, nkokwanira. Mphepo imalowa m'mbali kudzera mu mpope woumba ndi dothi lomwelo. Mvukuto wa zikopa ziwiri za mbuzi ukugwirabe nchito monga kale, ngakhale ambiri tsopano amakonda copemerera cozunguzidwa ndi gudumu la njinga. Miyala ya mumtsinje isayandikire moto, cifukwa madzi a m'kati mwake akatentha imaphulika. Posulira pangakhale mutu wa nyundo yaikulu wozikidwa m'citsa, kapena ekiselo ya lore. Ena amasirira cidutswa ca njanji, koma njanji ya TAZARA kuseri kwa mapiri a Muchinga iri ndi eni ake, ndipo wogula citsulo cobedwa amalowa m'mlandu pamodzi ndi wakubayo. Nyundo ya kilogalamu imodzi imakwanira. Yoposa pamenepo imatopetsa mkono ndi kupotoza nchito. Mbaniro ikhale yogwira zolimba, pakuti citsulo camoto cikapulumuka sicisankha pogwera.

Cipalaco cimangidwe patali ndi nkhokwe ndi nyumba zaudzu, cikhale ndi denga la mthunzi koma copanda zipupa. Mthunzi umathandiza kuona mtundu weniweni wa citsulo, cimene padzuwa cimaoneka cakuda pamene ciri cofiira. Zipupa nazo zimasunga mpweya woipa wa makala, umene ulibe fungo koma umapha. Zobvala za nailoni zimasungunukira pathupi. Za thonje ndizo zabwino.

Pa nkhani ya makala anthu a kwa Chikwa ali ndi mwayi, cifukwa tsanya wa m'cigwa amapereka makala olemera, otentha kwambiri ndi osatha msanga. Aphwanyidwe kukhala aang'ono ngati dzira la nkhunda. Komabe mwayi umenewu uli ndi malire ake. Tsanya amakula pang'onopang'ono, ndipo lamulo la nkhalango la 2015 limafuna cilolezo kwa woocha makala. Wophunzira afunse kwa anyakwawa ndi ku ofesi ya za nkhalango ku Chama asanagwetse mtengo. Mpeni umodzi sumaliza ndowa ya makala, ndipo nthambi zouma kale zimakwanira.

Mpeni woyamba ukhale waufupi: masentimita 12 kwakuthwa ndi 8 kumsuka. Tupa yakutha ndiyo yosabvuta, malinga mano ake ayambe apalidwa, cifukwa dzino liri lonse losiyidwa limasanduka mng'alu. Citsulo cisulidwe ciri ndi mtundu wa lalanje lakupsa. Cikayamba kuzirala ndi kufiira moderako, nyundo ileke ndipo cibwerere pa moto, pakuti comenyedwa cozizira cimang'ambika m'kati mosaoneka. Cikayera mbuu ndi kuthetheka nthethe, capserera, ndipo mbali imeneyo ndi yodula nkutaya. Nsonga isulidwe poyamba, kenaka msuka, potsiriza kukamwa kwake. Apa wophunzira amadabwa kuona mpeni ukupindikira kumsana ngati nthoci. Sikuti walakwa, mbali yomenyedwa ikutalika pamene msana uli comweco. Auongole ndi cipika ca mtengo udakali wofiira. Kukamwa kusiyidwe kokhuthala ngati milimita imodzi, cifukwa kopyapyala kwambiri kumapotoka kapena kupserera pa moto wotsiriza.

Akatha kusula, auoche mpeni mpaka ufiire ndi kuuleka uzizire pa mphepo, kawiri kapena katatu, kuti citsulo cimasuke. Pambuyo pake auochenso ndi kuukwirira m'phulusa louma usiku wonse. M'mawa udzakhala wofewa, ndipo tupa idzaudya mosabvuta. Maonekedwe onse akonzedwe tsopano, pakuti ukalimba palibenso coupala.

Kulimbitsa ndiko mtima wa nchito yonse, ndipo ndi pamene osula amasiyanirana. Osula akale amadziwa kutentha koyenera ndi maso okha, atasula zaka zambiri. Woyamba ali ndi mnzake wosanama, ndiye maginito ya m'sipika ya wailesi yakufa, yomangirira ku waya. Citsulo cikafika pa madigiri 770 maginito imaleka kucikoka. Mpeni uochedwe pang'onopang'ono, ukuyendetsedwa m'makala kuti ufiire mofanana kucokera ku nsonga mpaka kufupi ndi msuka. Maginito ikaleka kugwira, ubwerere pa moto kamphindi kocepa, kenaka uviikidwe msanga m'mafuta.

Funso limene limabuka kawirikawiri ndi lakuti bwanji osaviika m'madzi, pamene madzi ali aulere ndipo mafuta ali a ndiwo. Yankho lake nlakuti madzi amaziziritsa mofulumira kopambana, ndipo mpeni wopyapyala wa tupa kapena sipuling'i umalira "thee" nung'ambika, nchito ya masiku awiri nkuthera pomwepo. Malita awiri a mafuta ophikira amalimbitsa mipeni yambirimbiri osatha. Akhale m'citini cacitsulo cokhala ndi cibvundikiro cozimira moto akayaka, ndipo ayambe afunditsidwa poponyamo kacitsulo kotentha. Oilo wakuda wa injini amagwira nchito, koma utsi wake ndi woipa m'cifuwa. Mpeni ulowe coongoka, nsonga patsogolo, ndi kuyendetsedwa m'mwamba ndi pansi. Woupalasa cam'mbali ngati nkhafi amaupotoza. Ukazizira, tupa ipitirizidwe pa kukamwa kwake. Ikaterereka osaluma, mpeni walimba.

Walimba, koma sunathe. Pa nthawi imeneyi uli ngati galasi, ndipo ukagwa pa mwala umaduka pakati. Uyenera kubwezedwa pang'ono tsiku lomwelo. Wosula aupukute ndi mwala wonolera mpaka uwale, aoche citsulo cina cokhuthala mpaka cifiire, ndi kugoneka msana wa mpeni pa citsuloco, kukamwa kuli m'mwamba. Posacedwa mitundu imayamba kuyenda kucokera kumsana. Woyamba ndi wacikasu cotuwa ngati mapesi a mpunga wouma, pa madigiri 230 kapena kucepera pang'ono. Umatsatidwa ndi wofiirira ngati fodya wopota, kenaka wofiirira moderako pa madigiri 280, potsiriza wabuluu pa madigiri 300. Mtundu wa mapesi ukangofika kukamwa, mpeni uviikidwe m'madzi kuti kutentha kuime. Msana ukakhala wabuluu ndi bwino, cifukwa udzapirira kupindidwa pamene kukamwa kuli kolimba. Nkhwangwa ndi cikwanje, zimene nchito yake ndi kumenya, zimafuna kuti kukamwa kufike pa mtundu woderawo. Mitundu imeneyi imathamanga, makamaka kunsonga kumene kuli kopyapyala, ndipo woyang'ana kumbali kuti ayankhe moni amapeza mpeni wonse wasanduka wabuluu. Zikatero palibe cina koma kuyambanso kulimbitsa.

Cikumbu cingasemedwe ku mlombwa wouma kapena tsanya. Cibooledwe ndi kacitsulo kena kamoto kofanana ndi msuka, osati ndi mpeni weniweniwo, kuopa kuufewetsa. Kamphete kodulidwa ku mpope wa njinga kabvekedwe kukhosi kwa cikumbu kuti cisang'ambike. Kunola kucitike pa mwala wothiridwa madzi.

Pali pempho limodzi limene wosula wa kwa Chikwa adzalandira ndithu, kawirikawiri usiku ndi mau apansipansi: kukonza mfuti ya gogodela kapena kudula waya wa misampha. Dziko la Chikwa liri m'dera losungira nyama la Musalangu, ndipo tsidya la Luangwa kuli nkhalango ya North Luangwa. Kupanga kapena kukonza mfuti popanda cilolezo ndi mlandu wa ndende, ndipo lamulo la za nyama zakuthengo la 2015 limaletsa misampha ya waya. Mfuti yosulidwa ku mpope wamba imaphulikiranso mwini wake. Kuyambira mu 2003 bungwe la COMACO lakhala likulandira mfuti ndi misampha kwa anthu a m'cigwa amene aleka kupha nyama, ndi kuwaphunzitsa ulimi ndi nchito zina. Mnyamata amene wangoyamba kusula asalole kuti cipala cake cidziwike ndi nchito yausiku, pamene makasu othyoka msuka ali mbwee m'mudzi.

Mipeni itatu kapena inai yoyamba isagulitsidwe. Iperekedwe kwa amai a pakhomo, amene adzaiyesa pa dzungu, pa nsomba ndi pa ngala za mpunga kwa mlungu umodzi, ndipo sadzabisa mau. Kukamwa kukapindika, ndiye kuti mpeni unafewa: mwina citsulo cinali cosayenera, mwina sunatenthe mokwanira pouviika, mwina buluu anafika kukamwa. Kukabenthuka tizidutswa, unalimba kopitirira, ndipo ubwerere pa citsulo camoto mpaka mtundu wa fodya uoneke. Wophunzira asunge cidutswa ca sipuling'i iriyonse imene wasula, ndi kulemba m'kabuku mtundu umene anaimira, kuti podzasula cikwakwa ca mpunga wa caka camawa asadzayambenso kufufuza.