Malamulo timawamvera ku Malawi, mlandu timakauzengera m'Chipwitikizi

Kuno ku Milange, m'dziko la Mozambique, malamulo ambiri amene timawadziwa si athu. Timawamva pa MBC ndi Zodiak, chifukwa wailesi zimenezi ndizo zimayankhula chiyankhulo chathu kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ambirife tinakhalakonso kutsidya kwa mtsinje wa Muloza. Nkhondo itafika m'boma lino mu 1986 tinathawira ku Mulanje, ndipo ena tinaphunzira sukulu komweko mpaka mtendere wa 1992. Ndiye munthu akamangidwa kuno, abale ake amathamangira kupolisi n'kukanena zomwe anamva pa wailesi: "Tabwera kudzapempha belo ya polisi, paja ndi yaulere." Wapolisi akawauza kuti iye alibe mphamvu yotulutsa munthu, amabwerera akung'ung'udza kuti bwanayo akufuna kenakake.

Ku Malawi n'zoona, polisi imatha kupereka belo, ndipo m'makhoti a majisitireti amene amaimira boma pa milandu yambiri ndi wapolisi. Kwathu sizili choncho. Ife dongosolo tinatengera kwa Apwitikizi, moti buku lawo la milandu ndi zilango la 1886 tinakhala nalo mpaka Nyumba ya Malamulo itavomereza lina mu 2014, ndipo la kazengedwe ka milandu la 1929 linalowedwa m'malo ndi lamulo la 2019. M'dongosolo limeneli mlandu umadutsa m'manja ambiri, ndipo polisi ndi dzanja loyamba chabe.

Mnansi wanga wina anaberedwa njinga kunja kwa msika. Inali ija yonyamulira chimanga kupita kumalire, keliyala yowotcherera ndi zitsulo ziwiri zowonjezera, masipoko ochindikala, chishalo chomangidwa ndi mphira. Wakubayo anamugwira akuikankha asanafike n'komwe pamsewu waukulu. Anyamata anayamba kale kutola miyala, koma akuluakulu awiri anamutchinga n'kumuperekeza kupolisi. Anachita bwino, ndipo ndi zimene lamulo limanena: munthu aliyense akhoza kugwira amene wapezeka ali mkati mopalamula, koma ayenera kumupereka kwa aboma nthawi yomweyo.

Sabata isanathe, mnyamata uja anamuona akusenda chinangwa pakhonde la amayi ake. Mnansi wanga anabwera kwathu atatupa ndi mkwiyo. "Achimwene, adya ndalama anthu aja." Poti Chipwitikizi ndimachidziwa, ndinamuperekeza kukafunsa. Tinapeza kuti amene anatulutsa mnyamatayo ndi woweruza, pa chikalata chotchedwa Termo de Identidade e Residência, chimene munthu amasainira kuti akhala pamalo odziwika, sasamuka osanena, ndipo abwera akaitanidwa. Mlandu unali usanathe. Kalata yoitana mnansi wangayo kuti akapereke umboni inali itamupeza kale kudzera kwa mlembi wa dera lathu. Iye anaipinda kanayi n'kuitsomeka kudenga, poganiza kuti ndi za msonkho.

Apolisi athu a PRM akagwira munthu, lamulo limawapatsa maola 48 kuti akamuonetse kwa woweruza. Woweruzayo ndiye amaona ngati kumangidwako kunali koyenera, n'kugamula kuti munthuyo adikire mlandu ali m'ndende, atuluke atapereka chikole cha ndalama, kapena atuluke pa chikalata chija. Kale apolisi, oimira boma pamilandu ngakhalenso akuluakulu a maboma ankatha kulamula kuti munthu atsekeredwe podikira mlandu. Mu 2013 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko la Conselho Constitucional linagamula kuti zimenezi zikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, kutsatira dandaulo limene linatsogoleredwa ndi bungwe loona za ufulu wa anthu la Liga dos Direitos Humanos. Ine chigamulo chimenechi ndimachiona ngati chimodzi mwa zabwino zimene zinatichitikira, ngakhale kuti ndicho chimakwiyitsa munthu woberedwa. Amene anakhalapo nthawi imene mawu a munthu mmodzi wa udindo ankakwanira kuti usowe pamudzi miyezi ingapo sangachinyoze.

Ntchito yofufuza ili m'manja mwa SERNIC, nthambi imene inakhazikitsidwa mu 2017 m'malo mwa PIC, nthambi yakale ya polisi yofufuza milandu. Koma mwini wake wa mlandu ndi procurador, woimira boma pamilandu, amene si wapolisi ndipo salamulidwa ndi mkulu wa polisi. Iyeyu ndiye amatsogolera kafukufuku, n'kuona ngati umboni wakwana kuti munthu akaimbidwe mlandu m'khoti kapena fayilo itsekedwe. Ofesi yake ndi imene anthu akuno saidziwa kwenikweni, chonsecho ndi khomo limene woberedwa ayenera kugogoda akafuna kudziwa pamene nkhani yake yafika. Milandu yocheperapo imazengedwa kukhoti la boma lino. Ikuluikulu, monga yakupha, ndi ya khoti la chigawo cha Zambézia, lomwe likulu lake lili ku Quelimane, mtunda wa makilomita oposa 300 kudzera ku Mocuba. Pamwamba pake pali makhoti a apilo ku Maputo, Beira ndi Nampula, kenaka khoti lalikulu la Tribunal Supremo. Wosauka amene sangakwanitse loya ali ndi ufulu wothandizidwa ulere ndi IPAJ, bungwe la boma limene lilipo kuyambira 1994. Kafunseni pamsika kuti ndi angati analimvapo.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza mabanja kawirikawiri. Mwamuna wamenya mkazi wake mpaka kumuthyola dzanja, wamangidwa. Ankhoswe akumana, mbuzi yaperekedwa, ndiye mkaziyo akumutuma kuti "kachotseni mlandu". Milandu ina yaing'ono imathekadi kuchotsedwa wodandaula akakhululuka. Koma kuyambira pa lamulo la 2009, nkhanza za m'banja kwa amayi ndi mlandu wa boma, ndipo procurador amapitiriza nawo ngakhale mkaziyo atagwada kupempha kuti uthe. Kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18 nakonso ndi mlandu kuyambira 2019. Ena amati apa boma likulowerera za m'nyumba. Ine ndimati lilowerere ndithu, chifukwa mayi amene amapita kukachotsa mlandu nthawi zambiri sapita mwa kufuna kwake, amakhala atapanikizidwa ndi apongozi.

Sindikunyoza bwalo la kumudzi. Malamulo oyendetsera dziko a 2004 amavomereza kuti m'dziko muno muli njira zingapo zothetsera mikangano, ndipo makhoti a m'madera, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, amathandiza kwambiri pa nkhani za malire a munda, ngongole, kutukwanizana ndi mbuzi yodya mbewu za eni. Akhoza kulipiritsa munthu kapena kumupatsa ntchito yothandiza mudzi kwa masiku osapitirira 30. Kutsekera munthu m'ndende sangathe, ndipo mlandu wa kugwirira kapena kupha si wawo, ngakhale a mfumu atakhala anzeru chotani.

Wina anena kuti ndikukometsera zinthu za papepala. Ali ndi mfundo. Ziphuphu m'dziko muno zilipo, ndende n'zodzaza, ndipo alipo anthu amene amakhalitsa m'chitokosi kupitirira nthawi ya lamulo chifukwa palibe wowayankhulira. Kuno kumalire kuli vuto linanso lakelake. Munthu wosainira kuti akhala pamalo odziwika akhoza kukhala ndi amalume ku Limbuli, ndipo kuwoloka n'kwa mphindi zochepa. Mboni nazo zimatero: wogula nandolo amene anaona zonse ndi wa ku Mulanje, ndipo kalata ya khoti la Mozambique siimupeza. Milandu yotere imafa, anthu n'kumati akuba saopa boma.

Koma taonani kumene maganizo amenewa amatifikitsa. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anaphedwa ndi magulu okwiya popanda wofunsa umboni, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiriwo. Dziko lathu linathetsa chilango cha imfa mu 1990, ndipo malamulo athu salola ngakhale ndende ya moyo wonse. Boma silipha munthu amene wapha mnzake, koma ife pamsika timafuna kupha mwana wa eni chifukwa cha njinga. Ndipo ambiri mwa otola miyala amakhala akukhulupirira kuti akamupereka kupolisi nkhani yathera pomwepo, chifukwa palibe anawafotokozerapo za woweruza, za procurador, kapena za tsiku la mlandu limene likubwera.

Apa ndiye ndimaloza chala boma. Chiyankhulo cha boma ndi Chipwitikizi, palibe akutsutsa. Koma mayi wa ku Majaua kapena ku Mongue amene amayankhula Chichewa, Chilomwe kapena Chimarenje akaimirira pamaso pa woweruza, zonse zimadalira womasulira, ndipo kalata yomuitana imafika m'chiyankhulo chimene sawerenga. Tili ndi wailesi yathu ya Thumbine pompano. Procurador ndi wa IPAJ atamakhalapo ola limodzi pa sabata, womasulira ali pambali, anthu n'kumaimba foni kufunsa, bwenzi abale a omangidwa akudziwa khomo loyenera kugogoda. Makalata oitanira mboni nawo atamalembedwa mbali ziwiri, kuseri kukhale Chichewa ndi Chilomwe: tsiku, malo, ndi zimene zichitike munthu akapanda kubwera. Olemba sangasowe. Kuyambira 2003 sukulu zina za pulayimale m'dziko muno zimaphunzitsa ana m'ziyankhulo zathu, Chinyanja chili m'gulumo, ndipo aphunzitsi amene anaphunzira kalembedwe kake akhoza kumasulira kalata yotere masana amodzi.