M'MISEWU YA KU CHIGWA MUBZALIDWE MITENGO YA KU CHIGWA KOMWEKO

Chaka ndi chaka, kuyambira pa 15 December kufikira pa 15 April, Boma limapempha anthu onse a m'dziko muno kuti abzale mitengo. Ntchito imeneyi ndi yokoma, ndipo palibe munthu wanzeru amene angaitsutse. Koma mbande zisanatuluke m'nazale, akuluakulu a makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje ayenera kuyamba aganizira bwino za mtundu wa mitengo imene idzaima m'mbali mwa msewu wa ku Kapichira, pa boma la Chikwawa, ku Chiromo ndi ku Nsanje.

Malo amenewa ali ndi mbiri yaitali. M'mwezi wa January 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire pa sitima yake ya Ma Robert, ndipo mathithi a Kapichira ndiwo anamtsekera njira. M'chaka cha 1863 mnzake wa paulendo, Richard Thornton, anamwalira ndi kuikidwa patsinde pa mlambe waukulu kufupi ndi mathithiwo. Ku Chikwawa kuli manda a amishoni Scudamore ndi Dickinson amene anamwalira chaka chomwecho, ndipo m'dera lomwelo munakhazikika Amakololo onga Kasisi ndi Chiputula. Nsanje, imene kale inkatchedwa Port Herald, inali khomo la dziko lino, pakuti njanji yochokera kumeneko inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Azungu asanabwere n'komwe, Amang'anja anali kusunga nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, ndipo mwambo suloleza munthu kugwetsamo mtengo.

Nyumba zambiri za masiku amenewo zinagwa, zina zinapita ndi madzi. Chimene chatsala chosonyeza mlendo kuti wafika ku Chigwa ndicho mitengo yake: mlambe, bwemba, nsangu, mtondo, msikidzi, mgwalangwa ndi masau. Tsono mudzi wakale ukataya mitengo yotere, nkhope yake imatayika pamodzi nayo.

Alipo anthu ena amene amati akaona maluwa a jakaranda m'misewu ya Blantyre, kapena paini wa pa phiri la Zomba, amalakalaka kuti kwao kukhalenso chimodzimodzi. Koma mizinda imeneyo ili kumtunda kozizira. Ku Chigwa, m'miyezi ya October ndi November, kutentha kumapitirira madigiri 40, mvula ndi yochepa, ndipo chiswe sichichedwa kudya mbande yofooka. Mtengo wozolowera kumapiri ukatsikira kumeneko umafuna kuthiriridwa kosalekeza, ndipo kawirikawiri umauma usanapatse munthu mthunzi. Ndalama za msonkho zogulira mbande zotere zimangopita pachabe.

Mitengo ya kumeneko ili ndi makhalidwe amene makolo anawadziwa kalekale. Bwemba sayoyola masamba ake onse m'chilimwe, amakhala zaka zambirimbiri, ndipo zipatso zake amayi amagulitsa pamsika. Msikidzi uli ndi mthunzi wandiweyani woyenera pa sukulu, pa chipatala ndi pamalo odikira basi. Nsangu ndi yodabwitsa, chifukwa imayoyola masamba m'dzinja ndi kuphukanso m'chilimwe, kotero mthunzi wake umapezeka pa nyengo imene dzuwa lafika poopsa. Mlambe umafuna bwalo lalikulu, choncho malo ake ndi pamphambano, pabwalo la mfumu, ndi pafupi ndi manda a mbiri. Mvunguti ndi wokongola, koma zipatso zake n'zolemera kwambiri, ndipo sungayenere pamene ana amadutsa kapena pamene magalimoto amaima.

Ena adzanena kuti mitengo yachilengedwe imachedwa kukula, pamene nimu amakula msanga ndipo wazolowera kale m'Chigwa. Mawu amenewa ndi oona. Nimu, ngakhale anachokera ku India, wapulumutsa mabanja ambiri ku dzuwa, ndipo palibe chifukwa chomudulira. Koma msewu wa nimu yekhayekha umafanana ndi msewu wina uliwonse wa m'maiko otentha, ndipo matenda amodzi akagwa angathe kuutha wonse. Nzeru ndiyo kusakaniza: nimu apereke mthunzi wa msanga, bwemba ndi msikidzi zili kukula pakati pake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhaniyi yafika pofunika changu chifukwa Kapichira wasanduka malo a ntchito zazikulu za Boma. Makina opanga magetsi anayamba kugwira ntchito kumeneko m'chaka cha 2000, ndipo atawonjezeredwa anafika pa mamegawati pafupifupi 130. Mutu wa ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme uli pomwepo. Pafupi pake pali nkhalango ya nyama ya Majete, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira m'chaka cha 2003, ndipo alendo opita kumeneko amadzera pa boma la Chikwawa. Kumene kuli ntchito zotere kumabwera misewu, misika ndi nyumba zatsopano. Malo a mitengo akapanda kusungidwa pamene mapulani ali kulembedwa, sadzapezekanso.

Anthu a ku Chigwa sanaiwale madzi osefukira a 2015, namondwe Ana amene anagumula damu la Kapichira mu January 2022 ndi kuika dziko mumdima, ndiponso namondwe Freddy wa mu March 2023. Mitengo ya m'misewu siingaletse Shire kusefukira, koma mizu yake imagwira nthaka ya m'mbali mwa msewu kuti isakokoloke. Komabe pafunika kusamala pobzala. Mtengo wautali usaikidwe pansi pa mawaya a magetsi, ndipo wa mizu yotambalala utalikirane ndi khoma la ngalande.

Boma lachita mbali yake poika nyengo yobzala ndi pokhazikitsa lamulo la nkhalango la 1997. Chotsala chili m'manja mwa makhonsolo, alangizi a zankhalango ndi mafumu. Nazale za m'maboma awiriwa zifese mbewu za mitengo ya kumeneko, zimene ana a sukulu angathe kutola okha. Milambe ndi mibwemba yakale ya m'matauni ilembedwe m'buku la khonsolo, kuti womanga asaigwetse popanda chilolezo. Mbande iliyonse itchingidwe ndi minga kuopa mbuzi, ndipo ikhale ndi mwini wake, kaya wa sitolo, kaya mphunzitsi, kaya nyakwawa, woithirira m'chilimwe choyamba ndi chachiwiri. Pakutha pa chaka khonsolo iwerenge mitengo imene yapulumuka, pakuti chiwerengero chimenecho ndicho chidzasonyeza ngati ntchito yagwirikadi.