Bulangeti la Mulungu

Mukamayenda m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi mwezi wa Okutobala, muona minda ya mitundu iwiri. Ina ndi yososedwa bwino, zinyalala zatenthedwa, mizere yaima mwaudongo. Ina ili mbwee mapesi ndi udzu wouma, moti mlendo angati mwini wake ndi mlesi. Koma ife a kuno ku Balaka, komwe dzuwa limaswa mtengo, timadziwa munda umene umayamba kufota mvula ikadula mu Januwale kapena Febuluwale. Ndi woyera uja.

Kuphimbira nthaka ndi mbali ya ulimi umene alangizi amautcha mtayakhasu. Mlimi wina wa ku Zimbabwe, Brian Oldreive, anaulimbikitsa m'zaka za m'ma 1980 ataona kuti m'nkhalango palibe amene amalima, komabe mitengo imakula, pansi pake pali masamba okhaokha. Chophimba chimenechi anachitcha bulangeti la Mulungu. Ntchito yake ndi yosavuta kumva. Dontho la mvula limagwera pa phesi, mphamvu yake n'kuthera pomwepo, madzi n'kulowa pansi m'malo mothamangira ku Rivirivi ndi chajira cha m'munda mwanu. Dzuwa likawomba, nthaka sipsa, chinyontho chimakhalitsa.

Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti mapesi saletsa dzuwa. Ng'amba ikabwera imagwera minda yonse mofanana. Mu 2024, El Niño atauma nafe khosi, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza pa 23 Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo ngakhale ophimbira ambiri anakolola zochepa. Chimene bulangeti limachita ndi kusunga muzu kuti upirire masiku ena angapo, mwina mpaka mtambo utabwerera.

Ambiri a ife timafuna chitetezo cha mtundu wina. Timafuna Mulungu azimitse dzuwa. Ukapemphera, ntchito ipezeke mawa. Mayi akadwala, achire lero lomwe. Zikapanda kutero timayamba kufunsa kuti, "Kodi Ambuye munali kuti?" Komatu werengani Danieli mutu 3. Sadrake, Mesake ndi Abedinego anaponyedwa ndithu m'ng'anjo, moto sunazimitsidwe. Mulungu anawasunga ali momwemo. Paulo, pa 2 Akorinto 12, anapempha katatu kuti munga wa m'thupi lake uchoke. Sunachoke, koma anapatsidwa chisomo chomukwanira, ndipo anapitiriza ntchito.

Chinanso, bulangeti silioneka bwino. Palibe amene amajambula mapesi n'kuika pa WhatsApp. Chomwechonso zimene Mulungu amatiphimba nazo kawirikawiri zimaoneka ngati zinyalala: mayi amene amaimba foni usiku uliwonse kufunsa ngati wafika kunyumba, malume amene anakuletsa kukwera ulendo wa ku Joni wopanda mapepala, mnzako wa kukwaya amene amakuuza mosapsatira kuti kubetcha kukumaliza, ngakhale chibwenzi chimene chinatha iwe ukulira. Nthawi imeneyo zimatopetsa. Phindu lake limaoneka ng'amba ikafika.

Ndipo amene amawononga bulangeti nthawi zambiri si mdani wochokera kutali ayi. Kuno mapesi amapsa ndi moto wa anyamata osaka mbewa. Chifukwa cha kapani kamodzi ka mbewa, chophimba cha munda wonse chimasanduka phulusa. Ndaonapo achinyamata anzanga akuchita zomwezo ndi moyo wawo. Angopeza kandalama m'tauni, makolo asanduka otsalira, kutchalitchi kwasanduka kotayitsa nthawi, aliyense wowadzudzula amubuloka. Munda umayera ndithu, anthu n'kumausirira. Koma ntchito ikatha kapena matenda akagwa, palibe chotchinga, ndipo ena amafika poganiza zodzichotsera moyo ali okhaokha.

Ngati panopa muli pa ng'amba, digiri ili m'chikwama koma foni siikulira, musathamangire kunena kuti Mulungu wakusiyani. Funsani kaye kuti n'chiyani chakusungani mpaka lero, ndipo ndani. Mwina mupeza kuti pansi pakadali chinyontho. Anthu amenewo asungeni, aimbireni foni sabata ino, ndipo ngati mtima walemera kwambiri, auzeni zoona. Komanso yang'anani amene ali pafupi nanu, nthaka yake ili pamtetete. Mwina phesi limene Mulungu akufuna kumuphimba nalo ndinu.

Ambuye akusungeni, tikumanenso pa tsamba lino.