Paipi ya kamela ili kutali, odwala ali ku Lundazi

Mlungu watha, m'minibasi yocoka m'tauni kupita ku Chelstone, ndinakhala pafupi ndi amai ena amene anafumbata envulopu ya khaki ngati muli ndalama za cilimba. Kondakitala atatambasula dzanja, iwo anayamba ndi funso: "Mwana wanga, pa Levy ni pati? Ndine mlendo." Envulopu yotele ndiidziwa. Mumakhala kalata ya kucipatala ca kumudzi yotumiza wodwala kuno ku Lusaka.

Caka catha amalume anga anafika nayo pa Intercity kucokela ku Lundazi. Ni mlimi wa nshawa, munthu wosadandaula wamba. Tsiku lina m'mawa anasanza magazi, pafupifupi kudzaza kambale. Kucipatala ca kwathu anawaika magazi, moyo unabwelela. Kumudzi nkhani inali itamveka kale: ati anawadyetsa pamalilo. Koma adokotala kuno anapeza zina. Ciwindi cinali citaonongeka ndi likodzo la m'matumbo, limene munthu amatenga posamba kapena poweza nsomba m'madzi. Ciwindi cikauma, magazi amasowa njila, mitsempha ya kum'melo imatupa, ndipo tsiku lina imaphulika. Mowa ndi matenda a hepatitis B nazonso zimacita cimodzimodzi.

Cimene cinawathandiza ni endoscopy. Ambili timangoti "paipi ya kamela", ndipo timaganiza kuti nchito yake ni kuona cabe. Iyai, imacilitsanso. Ni paipi yofewa, kunenepa kwake ngati cala, yokhala ndi nyali ndi kamela kumapeto. Wodwala amakhala osadya maola 6 kapena 8, amamupopela mankhwala ocititsa dzanzi pakhosi, paipi n'kulowa pakamwa. M'kati mwake muli kanjila kopitilamo zida. Kwa amalume, adokotala anamanga mitsempha yotupa ija ndi tumphete twa mphila, mwamene timamangila thumba ndi malegeni. Panalibe mpeni, panalibe kusoka.

Paipi imodzimodziyo imatseka cilonda ca m'mimba cimene cikukha magazi, poikapo kacitsulo kopana kapena kubayapo mankhwala. Imacotsa ndalama yacitsulo imene mwana wameza. Ina yolowela kumunsi imadula tuzotupa twa m'matumbo tusanasanduke khansa. Munthu amene khansa yamutseka kum'melo, moti ngakhale phala silipita, amamuikila kapaipi ka waya kochedwa stent kuti ayambenso kumeza. Stent siicotsa khansa, koma imabweza nsima pakamwa.

Nchitoyi si yacilendo m'dziko muno. Pa UTH, mabuku a odwala amene anaunikidwa ndi paipiyi amayambila mu 1977. Madokotala odziwa tili nawo. Vuto lathu ni mtunda.

Welengani nane. Kucoka ku Lundazi kufika ku Chipata ni makilomita pafupifupi 180. Kucoka ku Chipata kufika kuno, kudzela pa mlatho wa Luangwa, ni enanso pafupifupi 570. Manje kumanga mitsempha si kwa tsiku limodzi. Wodwala amabwelelanso pakapita milungu ingapo, kawili, katatu, mpaka mitsempha yonse itaphwa. Amalume sakanatha kupita ndi kubwela, conco anakhala kwathu miyezi iwili. Ana anasamukila pa sitting room, nshawa kumunda zinakololedwa ndi azakhali okha. Ife tinakwanitsa. Nanga amene alibe mphwake mu Lusaka? Amacita ulendo woyamba, waciwili ndalama yatha, n'kukhala kumudzi kudikila magazi abwelenso.

Boma lacitapo kanthu pa zaumoyo, tisakane. Mu 2022 linalemba nchito anthu azaumoyo oposa 11,000, ndipo caka comweco ndalama za CDF zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iliyonse. NHIMA nayo imadula 1 pelesenti pa malipilo athu mwezi ndi mwezi. Koma inshuwalansi siigula tikiti ya basi, ndipo kakiliniki katsopano sikangamange mtsempha wophulika.

Ena amati tingogula makina n'kuika m'boma lililonse. Ine ndikuti pang'onopang'ono. Makinawa ni okwela mtengo ndipo sacedwa kuonongeka. Afuna dokotala wophunzila, namwino wodziwa kuwatsuka ndi mankhwala pambuyo pa wodwala aliyense, madzi oyela, magetsi osazimazima, ndi tumphete tuja tosasowa m'sitolo. Cimodzi cikasowa, makina amakhala pakona atafunditsidwa citenje, cithunzi ca tsiku lowalandila cili pakhoma.

Cimene ndikupempha n'cocepa. Nchitoyi ikhale yolimba ndi yosadukiza pa Chipata Central Hospital, pokhala ndiye cipatala cacikulu ca cigawo ca kum'mawa. Kucokela pamenepo, madokotala aziyendela Lundazi pa masiku odziwika, kuti anthu a ku Lumezi ndi Chasefu nawonso azifika. Aphungu athu afunsidwe funso ili pamsonkhano, osati la mseu lokha. Ndipo mankhwala a likodzo, praziquantel, azifika kwa ana asukulu ndi akulu omwe, cifukwa ndiye ochipa kuposa zonse ndachulazi.

Nafenso a m'tauni tili ndi mbali yathu. M'mimba mukapweteka timathamangila pa kantemba kugula Brufen kapena diclofenac, osadziwa kuti mankhwala amenewo angaboole cilonda ca m'mimba. Imvani, anzanga: mukasanza magazi, cimbudzi cikakhala cakuda bii ngati phula, nsima ikayamba kuima pacifuwa, kapena thupi likutha popanda cifukwa, pitani kucipatala tsiku lomwelo. Soda ndi mkaka si mankhwala a zimenezo. Acibale kumudzi akakuimbilani foni ndi nkhani yotele, musayambe ndi kufunsa kuti anadya kwa ndani.

Amalume manje ali ku Lundazi, amamwa mapilitsi awo tsiku lililonse, ndipo anatitumizila thumba la nshawa. Amai aja tinawatsitsa pa siteshoni yoyenela. Kondakitala anawanyamulila cola, n'kuwaolotsa Great East Road. Atabwela anamenya citseko: "Tiyeni, ba driver!"