Kugwedeza Mutu Sikuvomera Opaleshoni ya Khutu

Lipoti limene bungwe la World Health Organization linafalitsa mu March 2021 linasonyeza kuti anthu 430 miliyoni pa dziko lonse ali ndi vuto la kumva lofunika cithandizo. Cimodzi mwa zoyambitsa vutoli ndi nthenda ya mafinya m'khutu, imene imasiya cibowo pa kacikopa ka m'kati kochedwa ng'oma ya khutu.

M'boma la Luangwa, limene kale linali Feira, wodwala khutu amayambira ku cipatala ca boma kapena ca mishoni ca Katondwe. Pakafunika opaleshoni, ulendo umakhala wa ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 300, ku University Teaching Hospital kapena ku Beit CURE, cipatala ca ana cimene cinatsegulidwa mu 2006. Opaleshoni isanacitike, wodwala kapena kholo la mwana amasaina kapena kudinda cala pa pepala la cilolezo.

Pepala limeneli ndi umboni cabe. Cilolezo ceniceni ndico kumvetsa. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani, pakuti wofunsidwayo ndi munthu wosamva bwino, ndipo mwina cinenero cace ndi Cikunda kapena Cinsenga. Munthu wotere angagwedeze mutu mwaulemu asanamve kanthu.

Dotolo ayenera kufotokoza pang'onopang'ono, moyang'anizana ndi wodwalayo, ngakhale mwa zithunzi kapena womasulira, kuti adzatenga kanyama kopyapyala pafupi ndi khutu ndi kuika cigamba pa cibowo. Anenenso zoopsa zace: cigamba cingalephere kugwira, kumva kungakhale kosasintha, pangabwere cizungulire, kulira kwa m'khutu kapena kusintha kwa kakomedwe ka cakudya. Mwa apo ndi apo, mtsempha woyendetsa nkhope, umene umadutsa m'khutu, ungavulale ndi kupotoza kamwa. Khoti lalikulu la ku Britain linagamula mu 2015, pa mlandu wa Montgomery, kuti dotolo aziulula coopsa ciri conse cimene wodwala angacione kukhala cacikulu pa moyo wace.

Kwa msodzi wa pa Zambezi, cacikulu cingakhale cakuti khutu siliyenera kulowa madzi kwa milungu ingapo. Akadziwiratu, angapemphe tsiku la m'nyengo yoletsa kupha nsomba, banja lace lisavutike.

Wodwala ali ndi ufulu wobwera ndi mbale, wofunsa za njira zina monga mankhwala odontheza, ndiponso wokana. Asanadinde cala, abwereze m'mau ace zimene wamva, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.